Nsapato Zofiira Pambali pa Ngolo

Kuno kwa Chulu anthu amanditchula kuti a Penti. Ngakhale ana amene anabadwa dzulodzuloli amati, "Mwadzuka bwanji, a Penti?" osadziwa n'komwe kuti dzinalo linayamba ngati chipongwe. Ndimayankha. Nanga ndikane bwanji? Anzanga akamachokera ku Joni amatsika basi ndi mafiriji, mawailesi a kanema, njinga zamoto, ena mpaka galimoto. Ine ndinatsika pa boma pa Kasungu ndi chikwama chimodzi, m'kati muli zitini ziwiri za penti, burashi ya waya, kanyundo ndi ovolosi yong'ambika m'mawondo. Wakabaza ponyamula chikwamacho anandifunsa ngati muli injini ya chigayo. Ndinangoti eya, ndi zitsulo zofunika.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi kwa Kapelula, koma ndinakwatira kuno, ndipo munda, nyumba ndi mtengo wa mango umene ndakhala pansi pakewu, zonse ndi za akuchikazi. Mkamwini amakhala pamudzi pa eni chifukwa cha manja ake. Manjawo akaleka kuoneka, njira ya kwawo imakhala yotsegula. Nditabwera ku Joni ine, njirayo anandilozera, ndipo panatsala pang'onong'ono kuti ndiitsate.

Ndinachoka chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni kambirimbiri mpaka anachita nkhungu. Mwana wathu Chisomo anali akadali kumsana. Mkazi wanga Nabanda anandiperekeza mpaka pamsewu, atanyamula mtedza wokazinga m'kajumbo. Apongozi anga, mayi ake a Nabanda, anaima patali kuseri kwa nkhokwe atayang'ana kumbali, natuma mawu kudzera mwa mwana wawo: "Uwauze ayende bwino." Ndi momwe timakhalira kuno. Chikwatirireni, ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira m'tchire, n'kunjuta, moni n'kumaperekera chapatali. Kudyera mbale imodzi, kugwirana chanza, kucheza, zonsezo n'zosatheka. Ngakhale mawu awo enieni sindinkawadziwa bwino.

Ntchito ku Joni anandipezera ndi a Gondwe, bambo wa ku Nkhamenya amene ndinakumana naye kumapemphero a Amalawi. Anali wamkulu kwa ine, wamfupi, wa ndevu zaimvi, Chichewa chake chothira Chitumbuka. Ankagwira ntchito kwa mzungu wina wa nyumba yaikulu m'mbali mwa damu, kunja kwa tauni. Tinkagona awiri m'kachipinda ka malata kuseri kwa galaja, pamodzi ndi matayala akale ndi zigubu za mafuta. M'nyengo yozizira malatawo ankadontha thukuta, ife n'kumafunda makatoni pamwamba pa bulangete.

Mzunguyo anali ndi boti la mtundu umene sindinauonepo. Tangoganizani khonde la nyumba, la mipando yofewa ndi denga la lona, litakhazikidwa pa migolo iwiri italiitali yoyera. Silinali lophera nsomba ayi. Linali longokhalapo pamadzi, kuwotcha nyama ndi kumwa mowa. Botilo palokha silinkachita dzimbiri. Vuto linali ngolo yonyamulira botilo, imene ankaitchula kuti thirela, yachitsulo, ya matayala anayi, yokoka ndi galimoto. Potsitsa boti, thirela yonse inkalowa m'madzi chambuyo mpaka matayala kumira, kenaka n'kutuluka ikuchucha. Nthawi ya Khirisimasi bwana ankaikokera kunyanja ya mchere, ndipo inkabwerako ili ndi mawanga ngati yadwala chikuku.

Tsiku loyamba a Gondwe anandipatsa kanyundo kaja.

"Mwana wakwithu, lowa pansi. Gogoda."

Ndinagogoda. Chitsulo chinalira kuti ngwee.

"Icho n'chamoyo. Sunthira uko. Gogodanso."

Pamenepo panangoti phu.

"Wamva? Kunja penti ikuwala, m'kati mwatha. Madzi amalowa m'mapaipimu, n'kugona momwemo. Ukangodalira maso, yayi, udzagwetsa boti la mzungu pamsewu."

Anandiphunzitsa zonse, bambo uja, mosabisa kanthu. Thirela ikatuluka m'madzi uitsuke ndi madzi a pampopi, m'kati mwa mapaipi momwe, timabowo tapansi totulutsira madzi utitokose ndi waya kuti tisatsekeke. Uisiye iume ndithu, chifukwa penti yopaka pachinyezi imatsekera mdani m'nyumba. Pamene pachita dzimbiri upale ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiyere, makamaka mowotcherera, m'masipuling'i ndi pansi pa matabwa okhalapo boti. Ukapala upukute, upake penti yofiira yoyambira, idikire, kenaka yapamwamba. M'kati mwa mapaipi, momwe burashi singafike, upoperemo mafuta olimba onga phula. M'matayala girisi. Ndipo chaka chikatha, ubwerezenso. "Dzimbiri silifa," ankatero a Gondwe. "Limangogona."

Fumbi la dzimbirilo linkatilowa paliponse. Madzulo tikamamina, pansalu pankatuluka zofiira. A Gondwe ankaseka n'kumati tikadzafa sitidzawola, tapakidwa kale m'kati. Tinkaphika pa kasitovu kamodzi, iwo akundinena kuti Achewa sitidziwa kuthira mchere, ine ndikuwanena kuti Atumbuka amapereka moni mpaka ndiwo kupserera. Bambo uja anali bambo wanga kumeneko.

Koma pali zina zimene sindinkauza munthu pafoni. Bwana ankainyadira thirelayo kuposa galimoto yake. Alendo akabwera, ankandiitana ndi likhweru, monga momwe ankaitanira agalu ake, n'kundiuza kuti ndilowe pansi ndiwaonetse mmene ndimagogodera. Ndinkagona chagada pa simenti, munthu wa mkazi ndi mwana, alendo atandizungulira ndi mabotolo m'manja, akuseka zimene sindinkazimva. Ine ndinkangoona nsapato zawo. Anthu ambiri a kumeneko ndinawadziwira kumapazi: uyu wa majombo a chikopa ndi mchimwene wa bwana, uyu wa zala zopaka utoto ndi dona wa nyumba yachiwiri. Ndinafika podzitama kwa a Gondwe kuti munthu ndimamudziwa ndi nsapato, nkhope n'zosafunika.

Ndipo chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti thirelayo ndinaikonda. Abale inu, chitsulo! Ndinkadziwa bawuti iliyonse, iyi imavuta, iyi imafuna mafuta. Mvula ikayamba ndinkathamanga kukaifunditsa lona, zovala zanga zili pachingwe. Lamulungu anzanga akupita kukaonera mpira, ine ndinkaizungulira ndi kansalu m'manja. Kumudzi mwana wanga akuphunzira kuyenda, kulankhula, kulemba dzina lake, ine ndili kalikiliki kulera ngolo ya boti la mwini.

Ndalama ndinkatumiza, zaka zoyambirirazo sindinaphonye. Koma mphatso yeniyeni, yosankha ndekha ndi maso anga, ndinagula kamodzi kokha. A Gondwe chifuwa chinali chitawakula, ndipo anaganiza zopita kumudzi kukapuma. Ndinawatenga kusitolo kuti ndigulire Nabanda nsapato, iwo akamusiyire podutsa. Ndinaona zansalu zofiira, za zingwe zoyera, zokongola zedi. Wogulitsa anafunsa saizi. Ine ndinatambasula dzanja langa, kuchokera chala chachikulu mpaka chapakati.

"Lotere," ndinatero.

A Gondwe anandiyang'ana cham'mbali. "Zikamukwana izi?"

"Aa, a Gondwe, mkazi wanga ndimamudziwa."

M'maso mwanga Nabanda anali akadali kamtsikana kopyapyala kamene ndinakaona koyamba kakuimba kwaya. Patapita masabata foni inalira. "Nsapato zafika, abambo a Chisomo. Zikomo kwambiri." Ndinagona wokondwa tsiku limenelo. A Gondwe sanabwererenso ku Joni. Uthenga wa maliro awo unandipeza ndili pansi pa thirela, ndipo ndinalirira pomwepo, poti panalibe wondiona nkhope.

Ntchito inatha mopusa. Tsiku lina bwana anabwera akukoka thirela yatsopano, yoyera mbee, ya chitsulo chopepuka chomwe chija cha migolo ya boti. Anaimenya ndi chikhatho n'kundiuza, akumwetulira, kuti iyi sichita dzimbiri, sifuna penti, sifuna munthu. Yakale ija anaigulitsa kwa mlimi wina. Pamene inkatuluka pageti ndinaima ngati ndikuperekeza maliro, misozi ikutsika, agalu akundiyang'ana. Potsanzikana bwana anandipatsa zitini ziwiri zotsala, burashi ndi kanyundo, akuti zikumbutso.

Zaka zotsatirazo sindikonda kuzikamba. Maganyu a apa ndi apo, kugona kwa anzanga mpaka atope nane, kuthawa apolisi chifukwa mapepala anatha. Foni ya Nabanda ikalira ndinkaiyang'ana mpaka isiye yokha. Ndikanamuuza chiyani? Kuti chitsulo chosachita dzimbiri chandilanda ntchito? Ndinkati mawa, zikayenda ndimuimbira. Sizinayende. Zitini zija ndinkasamuka nazo paliponse, osazigulitsa, ine mwini osadziwa chifukwa chake. Potsiriza anthu a kumapemphero anasonkherana, nandikweza basi.

Ndinafika kuno fodya ali m'zigafa, mudzi wonse ukununkha tsamba louma. Nabanda anandigwadira patali, nandipatsa moni wa mlendo. Anali atanenepa, mapewa atakula, nkhope itada ndi dzuwa. Chisomo sindinamupeze, anali ku sekondale yogonera komweko, ndipo sindinayerekeze kufunsa kuti fizi amalipira ndani. Anthu anadzaza pakhonde monga amachitira munthu akabwera kuulendo, kudikira kuti chikwama chitsegulidwe. Anatsegula ndi alamu anga a Mateyu, mlongo wake wa Nabanda, amene ndiye mwini mbumba. Anatulutsa chitini choyamba, nachiika pansi. Chachiwiri. Burashi. Kanyundo. Anasuzumira m'chikwama, nachigwedeza chozondotsa.

"Alamu, katundu winayo akubwera pa thiraki?"

"Ayi, ndi yemweyu."

"Zaka zonsezi, alamu? Penti?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, enanso n'kutsatira. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anthu atabalalika, a Mateyu anandikokera pambali, ndipo sanazungulire.

"Mlongo wangayu wakhala ngati wamasiye, mwamuna wake ali moyo. Tatumiza uthenga kwa atsibweni anu kwa Kapelula. Akafika Loweruka ankhoswe akhala pansi, timve ngati banjali likadalipo. Pakadali pano muzigona m'kanyumba kosungira fodya."

Ndinagona momwemo, pakati pa mabelo. M'mawa Nabanda ankandiikira madzi osamba ndi chakudya pakhomo, n'kumapita ku chigafa. Kangapo ndinamutsatira kuti ndilankhule naye, koma akatembenuka n'kunena kuti, "Mumati bwanji?" ndinkangofunsa za mvula ya chaka chatha.

Pansi pa mango panali ngolo ya ng'ombe. Anthu anandiuza kuti Nabanda anaigula yekha ndi fodya wake, ng'ombe ziwiri zomwe. Inali yopaka penti yabuluu, yowala ndithu, koma ine poidutsa maso anagwera mowotcherera, pamene penti inali itatupa timatuza. Ndinatenga kanyundo. Kutsogolo, ngwee. Pansi pa matabwa, phu. Ngolo za kuno zimadyedwa ndi feteleza. Thumba likadontha, timibulu tija timalowa m'ming'alu, mvula n'kutisungunula, ndipo timadya chitsulo kuposa madzi a mchere aja. Anthu akaona dzimbiri amangogula penti yokongola n'kupaka pamwamba.

Madzulo ake ndinalimba mtima. "Nabanda, ngoloyi ikudyeka pansi. Mungandilole ndiikonze?"

"Sabata yamawa inyamula mabelo. Musandiwonongere."

Ndinaikweza pa njerwa, n'kuchotsa matabwa. Chitsulo chimodzi chimene chinatheratu ndinapita nacho kwa wowotcherera pamsika. Kenaka ndinavala ovolosi yanga, n'kugona chagada, n'kuyamba kupala. Odutsa ankaima. "A Penti, mwayamba? Ku Joni ankakulipirani kugona chonchi?" Kunena zoona, pansi pa ngolopo ndi pokhapo pamene ndinkapuma bwino pamudzi wonsewu, chifukwa panalibe nkhope yoti ndiiyang'ane.

Lachisanu masana, mawa lake kuli mlandu, mudzi unali zii. Anthu onse anali ku zigafa kusankha fodya. Ndinali nditayamba kupaka yofiira ija pamene ndinamva mapazi akubwera pang'onopang'ono. Anaima pambali pa tayala. Ndinatembenuza mutu. Nsapato zansalu zofiira. Zinali zitasuluka, zingwe zoyera zija atasinthamo zina, koma ndikanazidziwa ngakhale pakati pa nsapato za msika wonse. Dzanja linatsitsa kapu ya thobwa pansi, ndipo mapaziwo anayamba kutembenuka.

"Nabanda, imani pomwepo," ndinatero. "Musawerame, chonde. Nkhope yanu ikandiyang'ana mawu amandithawa. Ndiloleni ndilankhulire pansi pano."

Nsapato zinaima.

Ha! Ndinamasuka ngati thumba lotumbuka. Ndinanena za likhweru la bwana, za kugona pa simenti alendo akuseka, za a Gondwe ndi mamina ofiira. Ndinanena za thirela yatsopano, ndi kuti ndinalira chitsulo chikugulitsidwa. Ndinanena za foni imene ndinkaiyang'ana ikulira, kuti sikunali mkazi wina ayi, anali manyazi okhaokha. Nsapato zinasuntha pang'ono ngati zikufuna kuchoka, ine n'kuchonderera kuti ndisanathe musapite. Ndiye poti mawu akayamba kutsetsereka sagwirika, ndinalowa ndi zam'nyumba zomwe. Ndinati m'kachipinda ka malata kaja, kukazizira, chimene chinkanditenthetsa chinali kukumbuka mikanda yanu ya m'chiuno, yoyera ndi yofiira ija, ndi mmene inkalirira mukamatembenuka pamphasa. Ndinanena zimenezo, ine, ndi pakamwa pangapa, masana dzuwa likuswa mtengo.

Kunali chete. Ndinati mwina akulira.

"Mawa akandithamangitsa sindikana," ndinapitiriza. "Koma ngoloyi muziitsuka mukanyamula feteleza. Ndipo chaka chamawa idzafuna kupakanso, yofiira pansi, inayo pamwamba, mutapala kaye. Mukapanda kubwereza, ntchito yonseyi yapita pachabe. Tandikankhirani chitinicho."

Nsapato imodzi inakankha chitini mpaka chinafika pamene ndinali. Mtima wanga unasefukira. Ndinatulutsa dzanja, n'kugwira mwendo uja pamwamba pa nsapato.

Unali woonda. Khungu lofota, fupa lokhalokha, mitsempha ili pamtunda. Ndisanaganize n'komwe, pamwamba panga panamveka kutsokomola kwa munthu wokalamba.

Mayo ine! Ndinachotsa dzanja ngati ndagwira mbaula. Ndinasuzumira pakati pa tayala ndi njerwa, ndipo ndinaona msana, duku ndi imvi zotulukira m'khosi. Apongozi. Anali atabwera ndi thobwa poti Nabanda anatanganidwa ku chigafa, akuganiza kuti angoika pansi mwakachetechete n'kubwerera. Kuyankha sakanatha, poti mkamwini salankhulana naye choncho. Kuchoka ndinawaletsa ndine. Anaima pamenepo, mayi wobereka mkazi wanga, n'kumva zonse mpaka mikanda.

Anangokweza manja n'kuyamba kuingitsa: "Shii! Shii! Nkhuku izi!" Pabwalo ponse panalibe nkhuku ngakhale imodzi. Anapita akuingitsa choncho mpaka kuseri kwa nkhokwe, pamwendo pawo pali zala zanga za penti yofiira.

Sindinatuluke pansi pa ngolo mpaka dzuwa linapendeka. Thobwa lija nyerere zinalowamo. Ndinaganiza zonyamuka nthawi yomweyo wapansi kupita kwa Kapelula, osadikira ankhoswe. Mkamwini wogwira mwendo wa apongozi, n'kuwauza zakuchipinda! Nkhani yotere ikamveka, amaimba nayo nyimbo pamtondo mpaka zidzukulu. Chimene chinandigwira ndi ngolo. Inali yopaka theka, ndipo chitsulo chopalidwa chikagona pamame osapakidwa chimadzuka chitachita dzimbiri kuposa kale. A Gondwe akanandizukira.

Loweruka anthu anakhala pansi pa mango pomwepa, ngolo ili pambali, ikadali pa njerwa zake. Atsibweni anga anafika pa njinga, osandiyang'ana n'komwe. Amuna tinakhala mbali ino, amayi mbali iyo, apongozi kumbuyo kwenikweni atatifulatira. Ine mutu unali pakati pa mawondo, ndikudikira kuti za dzulo zituluke. A Mateyu anayala mlandu bwinobwino, ndipo sananame ngakhale pamodzi: zaka zachete, mwana wophunzira ndi thukuta la mayi ake, chikwama cha penti. Atsibweni anga anangoti, "Tamva. Mwana wathu walakwa. Mukatipatsa, timutenga." Atafunsa Nabanda, iye anayang'ana pansi, akuthyolathyola kamtengo.

Pamenepo kumbuyo kunamveka mawu. Aka kanali koyamba kuwamva apongozi akulankhula pagulu ine ndilipo.

"Mateyu."

"Wawa, amayi."

"Ngolo iyo ndi ya mlongo wako, anaivutikira. Ndamva kuti penti yake imafuna kubwereza chaka chamawa, feteleza akatha. Yofiira pansi, inayo pamwamba, utapala kaye. Iwe umadziwa kupala?"

"Ine ayi, amayi. Koma zimenezo mwamva kwa yani?"

"Ndamva basi. Makutu ndili nawo." Anakonza duku lawo. "Munthu uyu mwamufunsa zimene anabwera nazo m'chikwama. Zimene anakumana nazo uko simunamufunse. Ine sindikuti akhale, sindikuti apite. Anadikira ndi Nabanda, si iwe, si ine. Muwasiye awiriwa alankhulane, ankhoswe mudzamve pambuyo."

A Mateyu mawu a mayi awo sakanawapitirira. Anthu anamwazikana akunong'onezana, atsibweni anga n'kukwera njinga yawo. Za mwendo, za mikanda, apongozi sanatchule, ndipo mpaka lero palibe wa m'mudzi muno anandiimbapo nyimbo. Koma chitetezo chawocho chinandiwotcha kuposa kunyozedwa. Ndinabwerera pansi pa ngolo, poti kwina kopita ndinalibe.

Ndinali ndikubwereza yofiira kumbuyo pamene mapazi ena anafika. Awa analibe nsapato. Anali aakulu, otambalala, zidendene zong'ambikang'ambika, fumbi la m'chigafa lili mbuu. Chala chachikulu cha kumanzere chinali chopindika, chopanda chikhadabo. Ndinawayang'ana, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinawadziwe. Ndinakhala chete, poopa kubwereza za dzulo.

"Ndine," anatero Nabanda. "Musatuluke. Akuti mumalankhula bwino muli pansi pomwepo."

"Amayi akuuzani?"

"Andiuza. Osati zonse. Akuti zina sizingatuluke pakamwa pa kholo."

Ndinatseka maso. Penti inadontha kuchokera ku burashi n'kundigwera pakhosi.

"Nsapato zija sizinandikwane, abambo a Chisomo. Ngakhale chala sichinalowe. Ndinangoti zikomo poopa kukukhumudwitsani muli kutali, n'kuwapatsa amayi." Anasuntha phazi lamanzere. "Apa inandiponda ng'ombe, chaka chimene munasiya kuyankha foni. Ndinali ndikuphunzira kumanga goli ndekha. Ndinakuimbirani ndili kuchipatala."

Ndinaikumbuka foni imeneyo. Inalira kangapo tsiku limodzi, ine nditakhala pa chitini cha penti kuseri kwa nyumba ya mnzanga.

"Za penti anthu aseke, ine sizikundiwawa," anatero. "Ngakhale mukanabwera chimanjamanja. Chikundiwawa n'chakuti mawu amene ndawadikira zaka zonsezi mwakawatula kwa amayi, chifukwa mapazi a mkazi wanu simuwadziwa." "Ndi awa. Ayang'anitsitseni. Mukatha, muyambe poyambira, musadumphe kanthu. Ndikamva ndekha, ndiye ndidziwa chowauza ankhoswe."

Ndinaika burashi pansi. Ndinatambasula dzanja langa lopenti, kuchokera chala chachikulu mpaka chapakati, monga ndinachitira m'sitolo muja, n'kuliika pambali pa phazi lake. Phazi linapitirira kutali. Ndinalira, osabisanso, ndipo ndinaligwira ndi manja onse awiri, chidendene ndi chala chopindika chomwe, mpaka linafiira ndi penti.

Sanalichotse.

"Ndikumva," anatero. "Yambani."